Zithunzi Zinatsala M'laputopu

Azakhali anga ali ndi kanyumba kogona alendo ku Senga Bay: zipinda zisanu ndi chimodzi, khitchini ya panja, ndi mtengo wa mango umene umagwetsa zipatso pamalata usiku mpaka alendo kudzidzimuka. Kwa zaka zambiri anthu ankafika mongouzana pakamwa. Tsiku lina mzungu wina wa chikwama kumsana, akutsanzika, anawafunsa ngati ali ndi tsamba la pa intaneti loti akaonetse anzake kwawo. Funsolo linawakhala pamtima, ndipo madzulo omwewo foni yanga inalira.

"Iwe, paja za makompyutazi umazidziwa. Undipangire chija azungu amaonerapo malo ogona."

Ndinavomera ndisanaganize. Kudziwa kwangako kunali kulemba makalata pa Word ndi kuwerengetsera pa Excel kuntchito. HTML, chilankhulo chimene masamba a pa intaneti amalembedwa nacho, ndinkangoimva dzina. Koma mnzanga wa kuofesi anandiikira pa fulashi pulogalamu yaulere yotchedwa KompoZer. "Aise, iyi sifuna khodi," anatero. "Umangolemba ngati uli pa Word, chithunzi n'kuchiika pamene wafuna, basi."

Sananame. Mapulogalamu a mtundu umenewu anayamba kale. Bulawuza yoyamba imene Tim Berners-Lee anapanga ku CERN mu 1990 inkatha kuwerenga tsamba komanso kulilemba. Pambuyo pake kunabwera FrontPage, imene Microsoft inagula mu 1996, ndi Dreamweaver mu 1997. Onsewa amagwira ntchito mofanana: iwe ukulemba ndi kukoka zinthu pasikirini, pulogalamu ikukulembera khodi kuseri. Achingerezi anawapatsa dzina lakuti WYSIWYG, chidule cha mawu otanthauza kuti chimene ukuona ndicho udzapeze. Lonjezo limeneli ndi loona ndithu, koma likunena za iweyo ndi kompyuta yakoyo. Za mlendo amene ali ndi foni yake ku Johannesburg silinenapo kanthu, ndipo ine sindinafunse.

Ndinakhala pa ntchitoyi mausiku atatu, ndipo sindibisa, ndinasangalala. Ndinajambula tebulo lalikulu lodzaza sikirini yonse, dzina la malo pamwamba, mitengo ya zipinda kumanzere, zithunzi pakati. Dzinalo ndinalilemba ndi zilembo zopindikapindika zimene ndinazipeza m'laputopu mwanga, zonga za pa khadi la ukwati. Kumbuyo ndinapaka mtundu wa nyanja. Mawu ena ofiira, ena achikasu, chifukwa batani lililonse linkandikopa kuti ndilidine ndione chimene lichite. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma nthawi imeneyo ndinali ndidakali m'mwamba mu mtengo. Zithunzi ndinaika khumi ndi ziwiri, zojambula ndi foni yanga: dzuwa likutuluka panyanja, chilumba cha Namalenje chikuoneka chapatali, chambo chili pamakala, mabedi oyalidwa bwino. Chithunzi chilichonse chinkafika chachikulu kuposa sikirini, ine n'kugwira pangodya ndi mausi, n'kuchikoka mpaka chichepe. Zosavuta bwanji!

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Salima ndi laputopu pamiyendo. Azakhali anavala magalasi, n'kukhala pakhonde, n'kuyang'ana nyumba yawo yomwe ngati sanaionepo.

"Mwana iwe! Ndiye kuti ku Ulaya akuona zimenezi?"

"Ayamba kuona Lolemba, azakhali."

Malo osungira tsamba pa seva ndi dzina la adiresi tinagula kudzera mwa mnyamata wina wa ku Lilongwe amene ankachita zimenezi. Anandipatsa pasiwedi, ine n'kutumiza fayilo yanga ya index.html kudzera pa FileZilla. Fayilo imodzi yokha, poti ndinkaganiza kuti zonse zili m'menemo monga zimakhalira ndi kalata ya pa Word. Ndinalemba adiresi pa bulawuza, mutu wa tsamba n'kutulukira. Zithunzi sizinabwere, koma netiweki tsiku limenelo inkavuta, ndiye mlandu ndinaupereka kwa netiweki n'kutseka. Kuchokera pamenepo, ndikafuna kusirira ntchito yanga ndinkangodina fayilo ya pa laputopu, ndipo nthawi zonse inkatseguka yokongola. Azakhali nawo sanachedwe: anaitana wolemba zikwangwani, adiresi ija n'kulembedwa ndi penti pa chikwangwani cha kumsewu.

Panapita milungu itatu. Kenaka msuweni wanga, mwana wa azakhali amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Anzake anayi a kuntchito ankafuna kudzadyera Khirisimasi kunyanja, iye n'kuwapatsa adiresi monyadira. Chimene anaona chinali mabokosi khumi ndi awiri opanda kanthu, lililonse lili ndi kachizindikiro ka chithunzi chosweka pangodya. Zilembo za ukwati zija kunalibe, dzina linalembedwa ndi zilembo wamba. Tsamba lonse linafinyika kuti likwane pafoni, moti nambala ya azakhali inkaoneka ngati mzere wa nyerere. Anzakewo anaseka, n'kukapeza malo kwina.

Yankho langa ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Ndinalemba kuti: "Koma kwa ine zikuoneka bwinobwino."

Amene anandivula khungu m'maso ndi mlongo wanga wamng'ono, amene nthawi imeneyo ankaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Atabwera ku holide anatsegula KompoZer, n'kudina kabatani ka m'munsi kolembedwa Source, kamene ine ndinkakalambalala ngati njira ya kumanda. Tsamba langa lokongola linasanduka mizere ya zilembo ndi zizindikiro. Anatsetsereka nayo pang'ono, n'kuika chala pasikirini.

"Achimwene, tawerengani apa."

Panalembedwa kuti file:///C:/Users/, kenaka dzina langa, kenaka Desktop, kenaka nyanja.jpg.

"Tsamba la pa intaneti silimeza chithunzi," anatero. "Limangosunga malonje a kumene chithunzicho chili. Inu mwauza dziko lonse kuti chithunzi chili pa Desktop ya laputopu yanu. Zili ngati mlendo ali ku Joni mwamuuza kuti ndiwo zili m'kabati ya kuchipinda kwanu, atenge adye."

Chinachitika n'chakuti ndinkaika zithunzi ndisanasunge tsambalo mu foda yakeyake. Pulogalamu, posadziwa kumene tsamba lidzakhale, inalemba njira yonse kuyambira pa C. Ndikanayamba ndi kupanga foda imodzi, kusungamo tsamba, kuikamo zithunzi zonse, kenaka n'kumazilowetsa, njirayo ikanakhala yaifupi, yongoti nyanja.jpg, ndipo ikanagwira ntchito kulikonse kumene fodayo yapita. Pa sikirini yolembera, njira ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Palibe chimene chikanandichenjeza.

Tinakonza, tinatumiza foda yonse. Zithunzi zisanu ndi zinayi zinabwera, zitatu zinakana. Apa nkhani inali ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Fayilo inali Chipinda1.JPG koma tsamba linkaitana chipinda1.jpg. Windows siisamala za kusiyana kumeneku, pomwe maseva ambiri amayendera Linux, imene imaona mayina awiriwa ngati anthu awiri osadziwana. Kuyambira tsiku limenelo mayina a mafayilo ndimalemba ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, opanda mpata pakati.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi kulemera kwa zithunzi, chifukwa apa ndinkabera anthu osadziwa. Kukoka pangodya kuja sikuchepetsa chithunzi. Kumangolemba manambala awiri m'khodi, a m'lifupi ndi m'litali, ouza bulawuza kuti ichionetse chaching'ono. Fayilo yeniyeniyo imatsala mmene inalili, ndipo foni ya mlendo iyenera kuitsitsa yonse isanaichepetse. Zithunzi zanga zinali pafupifupi 4 MB chilichonse. Khumi ndi ziwiri ndiye kuti 48 MB, kuti munthu angoona mtengo wa chipinda. Amene amagula bandulo ya tsiku limodzi akudziwa chimene nambala imeneyi ikutanthauza. Munthu wa ku Mchinji kapena ku Dedza wofuna kubwera ndi banja lake kunyanja akanadikira, n'kudikira, bandulo n'kutha chambo chija chisanaoneke ndi mchira womwe. Ine sindinkamva kulemerako chifukwa zithunzi zinkachokera m'laputopu momwemo, osadutsa pa netiweki. Mlongo wanga anazichepetsa ndi pulogalamu ya zithunzi, chilichonse kufika mapikiselo 1200 m'lifupi, ndipo kulemera kunatsika kufika cha m'ma 200 KB. Ndi maso sindinaone kusiyana kulikonse.

Za zilembo za ukwati zija yankho linali lalifupi: tsamba limangotchula dzina la mtundu wa zilembo, ndipo ngati foni ya mlendo ilibe mtundu umenewo imaika umene ili nawo. Kufinyika kwa pafoni kunachokera ku tebulo langa, limene ndinalikhomera m'lifupi mwa mapikiselo 1000, komanso kusowa kwa kamzere kamodzi ka viewport kouza foni kuti iyale tsamba molingana ndi sikirini yake. Pamenepa KompoZer sindingaiimbe mlandu. Inasiya kukonzedwa mu 2010, mafoni asanalande intaneti, ndipo ndine amene ndinatenga khasu lakale kukalimira munda wa lero.

Nditaona kuti khodi siluma, ndinayamba matama. Azakhali, amene anaphunzira sukulu nthawi ya Kamuzu, amafuna dzina la dziko lilembedwe Malaŵi, ndi kadenga pamwamba pa w. Mlongo wanga atabwerera ku Blantyre ndinatsegula fayilo mu Notepad ndekha, n'kuikamo chilembocho, n'kusunga. Pa intaneti panatuluka MalaÅµi. Fayilo ndinaisunga mu UTF-8 pomwe mzere wa pamwamba pa tsamba unkauza bulawuza kuti iwerenge ngati ISO-8859-1, mndandanda wa zilembo za kumadzulo kwa Ulaya umene mulibe ŵ. Bulawuza inatenga chilembo chimodzi n'kuchiwerenga ngati ziwiri. Kukonza kwake kunali kusintha mawu amodzi pa mzere umenewo, koma dzina la dziko linakhala lopunduka pa tsamba la azakhali masiku anayi, kufikira msuweni uja atatumizanso chithunzi, ulendo uno wopanda mawu alionse.

Wina anena kuti zimenezi n'zakale, lero kuli Wix, Weebly, Google Sites, ndi WordPress imene kuyambira mu 2018 ili ndi polembera pa mabuloko ongosanja. N'zoona, ndipo ndimawayamikira. Ukaika chithunzi amachitumiza okha ku seva, ndipo ambiri amakuonetsa mmene tsamba lionekere pafoni. Msampha wa C uja anautseka. Koma chimene sikirini yolembera siikuonetsa chidakalipo, changosamukira pena. Tsamba lomangidwa pa Wix sungalinyamule kupita nalo ku seva ina. Ukafuna kuchoka, umakamanganso. Ndipo malo aulere ali ndi mwini wake. GeoCities inasunga masamba a anthu miyandamiyanda, ambiri omangidwa mongokoka ndi kudina chomwechi, koma Yahoo inaitseka mu 2009, ndipo amene analibe kope kunyumba anatsala manja ali m'khosi.

Ifenso za umwinizi zinatipeza. Chaka chitatha, tsamba linangozima. Dzina la adiresi salipira kamodzi, limafuna kulipiridwanso nthawi yake ikakwana, ndipo makalata okumbutsa amapita ku imelo ya amene analembetsa. Mnyamata uja analembetsa m'dzina lake ndi imelo yake. Sindikuganiza kuti anali ndi cholinga choipa, ndi mmene ankachitira ndi aliyense, koma pofika nthawiyo nambala yake inali itasiya kugwira. Ine, amene ndinataya mausiku atatu posankha mtundu wa nyanja, sindinatayeko mphindi imodzi kufunsa kuti adiresiyo ili m'dzina la yani.

Ndinapita ndekha ku Senga Bay kukanena. Azakhali anamvetsera mpaka ndinamaliza, akusenda mango ndi kampeni.

"Ndiye kuti pachikwangwani paja pali adiresi ya nyumba yoti kulibe?"

"Eya, azakhali."

"Penti ugula ndiwe."

Ndinagula. Adiresi yatsopano tinalembetsa m'dzina lawo, ndi imelo imene mlongo wanga anawatsegulira, ndipo pasiwedi ndi tsiku lolipira analemba okha m'kope limene amalembamo alendo. Tsamba la lero lili ndi zithunzi zinayi, zilembo wamba zakuda, mitengo ya zipinda, ndi nambala ya foni pamwamba penipeni, yaikulu yoti agogo aiwerenge opanda magalasi. Kope la foda yonse lili pa fulashi m'kabati mwawo.

Inu amene mwatsegula pulogalamu yotere ndipo tsamba likukusangalatsani, pitirizani, palibe choletsa. Koma musanaitane wolemba chikwangwani, tsekani laputopu yanuyo. Bwerekani foni ya mnzanu, yotchipa, yosweka galasi, ya bandulo yotsala pang'ono kutha, mulembe adiresiyo ndi chala chanu, ndipo mudikire mpaka chithunzi chomaliza chitatuluka.