Phunziro la sabata ino: Mlakatuli wa ku Zomba ndi lamulo la maola 48

Mzinda wa Zomba unali likulu la dziko lino mpaka chaka cha 1975, pamene boma linasamukira ku Lilongwe. Pofika nthawiyo, sukulu yaukachenjede ya Chancellor College inali itakhazikika kale mumzindawu, itachoka ku Chichiri, ku Blantyre, mu 1973. Kunja pang'ono kwa mzinda womwewu kunali ndende ya Mikuyu, kumene boma la chipani chimodzi linkasungira anthu popanda kuwazenga mlandu. Bambo Jack Mapanje anakhalako konse kuwiri: ku sukuluyo ngati mphunzitsi, ku ndendeyo ngati mkaidi.

A Mapanje anabadwa mu 1944 m'boma la Mangochi. Ali pa Chancellor College, anali m'gulu la ophunzira ndi aphunzitsi amene anayambitsa bwalo la alembi lotchedwa Writers' Group mu 1970. Masiku amenewo buku lililonse linkayenera kudutsa m'manja mwa bungwe la boma lounika zolembedwa, potsata lamulo la 1968. Chotero alembi anaphunzira kuphiphiritsa: ankalankhula za nyama, mizimu ndi nthano zamakolo pamene akunena za atsogoleri. Buku lawo loyamba la ndakatulo, Of Chameleons and Gods, linasindikizidwa ku London mu 1981, ndipo dzina lakelo likutchula bilimankhwe, kanyama kodziwa kusintha khungu kuti kapulumuke.

Kuphiphiritsako sikunawateteze. Pa 25 Sepitembala 1987, apolisi anawagwira ku Gymkhana Club, malo amasewera ndi macheza a ku Zomba. Panthawiyo anali mkulu wa nthambi ya Chingerezi pa kolejiyo. Anakhala ku Mikuyu zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi iwiri, osauzidwa mlandu, osaonekera ku khothi. Alembi anzawo akunja ndi mabungwe monga Amnesty International ndi PEN sanaleke kufunsa za iwo mpaka anatulutsidwa mu Meyi 1991. Atatuluka anasamukira ku Britain ndi banja lawo.

Chaka chisanathe, pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno. Mwa zina, inadzudzula kutsekera anthu popanda mlandu ndi kuwatseka pakamwa. Boma linaitcha youkira. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Ophunzira a pa Chancellor College anayenda m'misewu ya Zomba kugwirizana ndi maepiskopiwo. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu nasankha ndale za zipani zambiri, ndipo mu 1994 dziko linalandira malamulo aakulu atsopano.

Mutu 4 wa malamulowo ndi wa ufulu wachibadwidwe. Gawo 35 limapereka ufulu wolankhula zakukhosi. Gawo 42 ndilo likuyankha mwachindunji zimene zinkachitika ku Mikuyu. Munthu akamangidwa ayenera kuuzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva. Ali ndi ufulu wokhala chete ndiponso woonana ndi loya. Ayenera kutengeredwa ku khothi pasanathe maola 48. Ngati maolawo athera pa tsiku limene khothi silikugwira ntchito, apite tsiku loyamba limene latsegula. Achibale ake, dokotala ndi mlangizi wa chipembedzo chake ali ololedwa kukamuona. Belo ya ku polisi ndi yaulere, ndipo wosowa ndalama zolipira loya angathe kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau.

Komabe lamulo lolembedwa silidziyendera lokha. Amene amagonera m'chitokosi masiku ano nthawi zambiri si aphunzitsi a ku koleji odziwika kunja. Ndi mnyamata wakabaza, mayi wogulitsa mandasi pamalo oletsedwa, kapena wantchito wa m'nyumba amene abwana amuganizira kuti waba foni. A Mapanje anali ndi anthu owafunsira ku London ndi ku New York. Awa alibe wina koma abale awo ndi akhristu anzawo a mu mphakati. Ngati banja silidziwa za maola 48, limagulitsa mbuzi kapena kutenga katapila kuti lilipire chinthu chaulere.

Pa Mateyu 25, Ambuye amaika kuyendera am'ndende pamodzi ndi kudyetsa anjala. Ntchito imeneyi imayamba ndi kudziwa dzina la womangidwayo, tsiku ndi ola limene anamangidwa, ndi polisi imene ali. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zokambirana m'miphakati sabata ino: Kodi mphakati uli ndi munthu wodziwa kumene angathamangire mmodzi wa akhristu ake akamangidwa usiku? Kodi a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi akudziwika kwa mabanja onse? Nanga ndi liti pamene mphakati unayendera komaliza munthu wa m'dera lake amene ali m'ndende?