Huntingdon House ndi Ryalls: mahotela, tiyi ndi ndale

Kodi m'minda ya tiyi ku Thyolo muli hotela yapamwamba?

Ilimo, ngakhale ndi yaing'ono. Huntingdon House, pa esiteti ya Satemwa, ili ndi zipinda zisanu zokha za alendo. Inamangidwa mu 1928 ngati nyumba ya banja la Maclean Kay, mzungu wa ku Scotland yemwe anayambitsa Satemwa mu 1923. Mbumba yake ndiyo ikuyendetsa esitetiyi mpaka lero.

Nanga ndale zikulowa pati?

Zikulowera pa nthaka. Mlendo akamamwa tiyi pakhonde maso ali ku mapiri obiriwira, akuyang'ana nkhani yomwe yavuta boma lililonse m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1890, mkulu wa boma la atsamunda, Harry Johnston, anapereka ziphaso za malo kwa azungu omwe ankati anagula nthaka kwa mafumu, kawirikawiri ndi nsalu ndi mikanda. Anthu okhala pamalo oterewa, ambiri mwa iwo Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi, ankalipira lendi ndi thukuta lawo. Limeneli ndilo thangata, ndipo lamulo lolithetsa linabwera mu 1962.

Anthu ankangopirira?

Ayi ndithu. Mu Ogasiti 1953, chaka chomwe chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda ku Thyolo komweku unabutsa zipolowe zomwe zinafalikira m'maboma ena akummwera. Anthu 11 anafa. Malalanjewo anali poyambira chabe. Chenicheni chinali malo ndi chitaganya.

Eni maesiteti akapita ku tauni ankafikira kuti?

Hotela ya azungu olemera ku Blantyre inali Ryalls, yomwe Louisa Ryall anatsegula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo ndiyo yakale kwambiri mwa mahotela omwe akugwirabe ntchito mumzindawu. Munthu wakuda ankalowamo ngati wantchito basi.

N'chifukwa chiyani mabuku a mbiri amaitchula?

Chifukwa cha nkhomaliro imodzi. Mu Januwale 1960 nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inafika ku Blantyre ndipo akuluakulu a mzinda anaikonzera chakudya pa Ryalls. Nthawiyi n'kuti Dr Hastings Kamuzu Banda ali m'ndende ku Gwelo, komwe anatsekeredwa kuyambira mu Malichi 1959. Kunja kwa hotelayo kunasonkhana otsatira chipani cha Malawi Congress atanyamula zikwangwani zofuna kuti mtsogoleri wawo amasulidwe, ndipo analimbana ndi apolisi. Mwayi wa anthuwo, tsoka la boma la atsamunda, linali lakuti atolankhani a ku London omwe ankayenda ndi Macmillan anali pomwepo. Nyuzipepala za ku Britain zinadzaza ndi nkhani za nkhanza za apolisi a ku Nyasaland.

Boma linavomera?

Linakhazikitsa kafukufuku wotsogozedwa ndi woweruza Southworth, yemwe anayeretsa apolisi n'kudzudzula atolankhani kuti anakokomeza. Koma madzi anali atatayika kale. Pa 3 Febuluwale Macmillan anayankhula ku nyumba ya malamulo ku Cape Town za kusintha komwe kunali kubwera mu Africa, ndipo pa 1 Epulo Dr Banda anatuluka m'ndende. Kunena kuti chipolowe cha pa Ryalls ndicho chinamutulutsa n'kuwonjeza, pakuti nduna ya maiko a atsamunda, Iain Macleod, inali itaganiza kale zomumasula.

Thyolo yatulutsa apulezidenti awiri. Nkhani ya malo sinathe?

Sinathe. Bingu wa Mutharika ndi mng'ono wake Peter kwawo ndi komweku. Bingu anaikidwa m'manda pa Ndata mu 2012, pomwenso pali sukulu ya ukachenjede ya MUST. Komabe Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri, ndipo mabanja ambiri amalima kachigunda kosakwana kudyetsa nyumba. Vincent Wandale ndi gulu lake la People's Land Organisation anafika mpaka polengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha. Ambiri anaseka, boma linamugwira, koma amene ankamutsatira anali anthu osowadi polima. Vuto lake n'lakuti maesiteti omwewo ndiwo amalemba ntchito zikwi za anthu ndi kubweretsa ndalama zakunja, choncho wandale aliyense amaigwira nkhaniyi mosamala ngati mbale yotentha.

Lero Ryalls ndi ya yani?

Ndi ya kampani ya Blantyre Hotels, yomwe masheya ake amagulitsidwa pa msika wa Malawi Stock Exchange. Ikadali pa Hannover Avenue pomwe paja, ndipo aliyense wokhala ndi ndalama ya chipinda amalowa.