Kumanga Mfundo pa Bwalo la Pafoni

Chaka chatha, pamene gulu lathu la anthu a kumudzi kumodzi, limene limakumana pa WhatsApp ndi kusonkha ndalama zonyamulira maliro a abale omwalira ku Joni, linafuna kukweza chopereka cha pamwezi, nkhaniyo inayambika usiku anthu atadya kale, ndipo isanakwane 11 koloko anthu asanu ndi mmodzi, amene bandulo siwathera, anali atagwirizana, admini n'kulemba kuti nkhani yatha. M'mawa mwake mayi ena achikulire, amene foni yawo inagona yozima chifukwa magetsi anathima tsiku lonse, anatumiza mawu apakamwa ndi liwu lonjenjemera, nati, "Ana anga, kodi ifenso tili m'gululi, kapena ntchito yathu n'kusonkha basi?" Funso limenelo linandilasa mtima, pakuti ine ndinali mmodzi wa asanu ndi mmodziwo. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufufuza mmene magulu akuluakulu odzilamulira okha pa intaneti amachitira, ndipo zimene ndinatolako ndikuziika pano kuti inu amene mwasenza udindo wotsogolera anzanu musagwe m'mbuna imene ndinagwamo ine.

Yambani ndi pangano lolembedwa, mtendere ukadalipo, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse. A Debian, gulu la anthu odzipereka amene amapanga mapulogalamu a kompyuta aulere, limene Ian Murdock analiyambitsa mu 1993, anavomereza malamulo awo mu 1998, ndipo malamulowo amanena poyera amene ali ndi mphamvu yogamula nkhani iliyonse, ndiponso kuti mtsogoleri amasankhidwa chaka ndi chaka. Inu simufunika chikalata chachitali. Mizere khumi ikwana, malinga itchule amene ali membala, nkhani zimene admini angachite yekha, nkhani zimene ziyenera kupita kwa onse, ndi njira yochotsera admini paudindo. Mzere wotsirizawo musaulumphe, ngakhale amene ali pampando lero ndi munthu wabwino.

Nkhani ikabuka, woibweretsa ailembe mu uthenga umodzi womveka, wokhala ndi funso limodzi, ndipo mlembi aukhome pamwamba pa gulu kuti usamire m'malonje a m'mawa ndi zithunzi za ukwati. Akafunsa kuti "kodi tikweze chopereka ndiponso tisinthe msungichuma?" wamanga mbuzi ziwiri pa chingwe chimodzi, ndipo wovomera chimodzi n'kukana chinacho asowa poyankhira.

Tsono tafika pa mfundo imene ndimaiona yoposa zonse, ndiyo kupatsa anthu nthawi. Bungwe la Apache, limene linakhazikitsidwa mu 1999 ndipo limasunga mapulogalamu ambiri amene intaneti imayendera, lili ndi mwambo wakuti nkhani yofunika ikhale yotsegula kwa maola osachepera 72, kuti iye amene anali mtulo kutsidya kwa nyanja pamene anzake ankakambirana adzuke n'kupeza khomo lisanatsekedwe. Ndipo pakatha maola amenewo popanda wotsutsa, kukhala chete kwa anthu kumawerengedwa ngati kuvomera. Taonani kuti kukhala chete kumasanduka kuvomera pokhapokha nthawi itaperekedwa ndi kulengezedwa. Ku Wikipedia ya Chingerezi, zokambirana zofuna kufufuta nkhani zimatha masiku 7, ndipo mafunso aakulu ofunsidwa kwa onse kawirikawiri amakhala masiku 30. Ngati anthu amene intaneti siwavuta amadikirana chotero, nanga ife, amene wina amadikira malipiro kuti agule bandulo, wina amakwera pachulu kufuna netiweki, wina amagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba ku Manchester n'kugona usana, tingatseke bwanji nkhani pa maola awiri? Ine ndinena kuti nkhani ya ndalama ikhale sabata yathunthu yodutsa Lamulungu, pakuti patsikulo ambiri amapeza mpata, ndipo tsiku ndi ora lotsekera zilembedwe mu uthenga woyamba uja. Maliro okha sadikira, n'chifukwa chake pangano lija linene kale zimene komiti ingachite mwamsanga ndi ndalama zochuluka bwanji, kenako idzafotokozere gulu.

M'masiku odikirawo mtsogoleri ali ndi ntchito imene ambiri amaiiwala, ntchito yosaka mawu a anthu ofatsa. Pabwalo la kwathu mfumu yanzeru siyamba kulankhula. Imamvetsera nduna zake, imamva eni mlandu ndi mboni, imatcheranso khutu kung'ung'udza kwa amayi amene akhala chapatali, kenako imamanga zonse pamodzi. Momwemonso admini asunge maganizo ake kufikira kumapeto, pakuti akangowatulutsa poyamba, achinyamata ndi amene anathandizidwapo ndi iye adzangoti "tili pambuyo panu, bwana", ndipo simudzadziwanso zimene zinali m'mitima mwawo. Lolani mawu apakamwa kukhala ofanana mphamvu ndi olembedwa, chifukwa si onse amene zala zawo zimathamanga pafoni, ndipo mlembi awalembe mwachidule kuti amene alibe bandulo yokwanira kuwatsegula adziwe zimene zanenedwa. Amene sanayankhe konse, aimbireni. Kunena zoona, munthu amene wakhala chete masiku asanu nthawi zambiri ali ndi mawu, koma akuopa kuoneka wotsutsa pamaso pa akuluakulu.

Olongolola nawo aikireni malire mwaulemu. A Wikipedia ali ndi lamulo lakuti munthu asabweze zolemba za mnzake pa tsamba limodzi koposa katatu m'maola 24, ndipo wolakwira lamuloli amatsekeredwa kunja kwakanthawi. Mzimu wa lamulolo mungautenge motere: munthu aliyense alankhulepo katatu patsiku pa nkhani imodzi, akatero apatse mpata anzake. Mfundo imene yanenedwa kakhumi ndi pakamwa pamodzi ikadali mfundo imodzi.

Kwa wotsutsa funani chifukwa. Ku Apache munthu amavomera polemba +1, amalemba 0 ngati alibe mbali, ndipo amakana ndi -1. Koma kukana kusintha kwa pulogalamu popanda kupereka chifukwa chomveka kulibe mphamvu. Bungwe la IETF, limene lakhala likukonza miyezo ya kayendedwe ka intaneti kuyambira mu 1986, lilibe mwambo wowerenga mavoti pa ntchito yake. Pamisonkhano yawo, wapampando akafuna kumva kumene mitima yapendekera, kwa zaka zambiri ankapempha anthu kung'ung'udza ndi milomo yotseka, mbali ina kenako inzake, kotero kuti panalibe amene ankaoneka kuti wakweza dzanja pambuyo pa wamkulu. Chimene iwo amayang'ana n'chakuti chotsutsa chilichonse chamveka ndi kuyankhidwa moona mtima, ngakhale wotsutsayo asakhutire. Ichi n'chinthu chachikulu ndithu. Mayi mmodzi akanena kuti chopereka chatsopano chidzathamangitsa amasiye m'gulu, anthu makumi atatu olemba kuti "ndavomera" sanamuyankhe. Womuyankha ndi amene adzanene chochita ndi amasiyewo.

Tsiku lotseka likafika, wotseka nkhani akhale munthu amene sanaikepo mlomo, monga amachitira a Wikipedia, kumene wotseka amayenera kukhala wopanda mbali ndipo amayeza kulemera kwa zifukwa koposa kuchuluka kwa mayina. Iye alembe zinthu zitatu: chimene chagwirizanidwa, chifukwa chake, ndi chimene otsutsa ananena. Chachitatucho chimachiritsa mabala ambiri, pakuti munthu amapirira kugonja akaona kuti mawu ake alembedwa mokhulupirika. Ndipo ngati mitima yagawanika pakati, asachite manyazi kulemba kuti mgwirizano sunapezeke, zinthu zikhale monga zinalili kufikira nkhani itabweranso.

Mavoti asungireni nkhani zimene sizingathe mwa kukambirana, makamaka kusankha anthu. Dziwani kuti kavotedwe ka m'gulu la WhatsApp kamaonetsa dzina la aliyense ndi chimene wasankha, choncho posankha msungichuma pakati pa mlamu wanu ndi mkulu wa mpingo, ambiri adzavota ndi mantha. Pamenepo sankhani anthu awiri okhulupirika a mbali zosiyana, aliyense atumize voti yake kwa onse awiriwo kumbali, ndipo iwo alengeze chiwerengero chokha. Zosankha zikaposa ziwiri, tengerani nzeru kwa a Debian, amene wovota amandandalika zosankha zonse kuyambira chimene achikonda koposa kufikira chotsiriza, ndipo pamndandandapo pamakhalanso mpata wokana zonse. Njira imeneyi imateteza gulu kuti lisatengedwe ndi kagulu kochepa kogwirizana pamene ambiri agawikana pa zinthu ziwiri zofanana.

Potsiriza siyani khomo lodandaulira. Wikipedia, imene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa pa 15 Januwale 2001, inaona pasanathe zaka zitatu kuti munthu mmodzi sangaweruze mikangano yonse, ndipo kumapeto kwa 2003 inakhazikitsa komiti yoweruza milandu ya khalidwe, imene masiku ano mamembala ake amasankhidwa ndi alembi anzawo. Kwa inu akwana akulu atatu osakhala maadmini, amuna ndi amayi, amene munthu wochotsedwa m'gulu kapena wokhumudwa ndi chigamulo angapiteko, ndipo mlandu wake ukambidwe kumbali, kuti asachititsidwe manyazi pamaso pa ana ake amene alinso m'gulumo.

Ife tinaitsegulanso nkhani ya chopereka ija, inakhala sabata yathunthu, ndipo chopereka chinakwera ndithu, koma amasiye anasiyidwa pa mtengo wakale monga anapemphera mayi achikulire aja nkhani itatsegulidwanso. Inunso, wokondedwa mtsogoleri, tsegulani gulu lanu madzulo ano, muwerenge mayina a amene sanalankhulepo mwezi uno, ndipo muimbire mmodzi wa iwo musanabweretse nkhani ina.