Uchidakwa Ndi Matenda: Thandizo Lilipo

Munthu akadwala chifuwa chachikulu, abale amathamanga naye kuchipatala. Koma akagwidwa ndi kachasu kapena chamba, ambiri amangomunyoza, ena kumubisa chifukwa cha manyazi. Phunziro la mwezi uno likutikumbutsa kuti uchidakwa ndi matenda, ndipo ali ndi thandizo lake.

Zizindikiro

Si aliyense womwa mowa amene ali chidakwa. Wodwala nthendayi amadziwika motere: chibaba chimamugwira mwamphamvu, akayamba kumwa amalephera kuleka, mowa umene kale unkamuledzeretsa sumukwanira, m'mawa amanjenjemera manja mpaka atamwanso. Amapitiriza kumwa ngakhale ntchito, banja ndi chiwindi chake zikuwonongeka.

Kusiya mwadzidzidzi

Thupi limene lazolowera mowa wa tsiku ndi tsiku limavutika ukasowa. Pakapita maola 6 mpaka 24, munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta ndi kusanza. M'masiku awiri oyamba ena amakomoka ngati wakhunyu. Cha pa tsiku lachitatu ena amasokonezeka mutu ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo izi zingathe kupha. N'chifukwa chake si bwino kumutsekera m'nyumba kapena kumumanga kuti asiye. Kuchipatala amapatsidwa mankhwala okhazika thupi monga diazepam, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Kawirikawiri vutoli limachepa pakatha sabata imodzi.

Wosiya chamba amasowa tulo ndipo amapsa mtima msanga, koma zimenezi zimatha. Akayamba kulankhula yekha kapena kuopa anthu popanda chifukwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Kumene mungapite

Yambani ndi chipatala chaching'ono cha kwanu, kapena funsani mlangizi wa zaumoyo. Ngati vuto ndi lalikulu, adzakutumizani kuchipatala cha boma, kumene mungaonane ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo. Odwala kwambiri amalandiridwa ku Zomba Mental Hospital. A St John of God amaperekanso chithandizo ndi uphungu ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Pofika, nenani zoona: mtundu wa mowa, kuchuluka kwake ndi nthawi imene munamwa komaliza.

Udindo wa abale

Mutu umodzi susenza denga. Lankhulani ndi wodwala pamene sanaledzere, mwaulemu, pali munthu amene iye amamulemekeza, monga malume kapena nkhoswe. Musamubwezere ngongole za mowa. Muperekezeni kuchipatala, ndipo akabwerako mupezereni chochita. Akayambiranso kumwa, musataye mtima. Zimachitika kwa ambiri, ndipo chofunika ndi kubwerera kuchipatala msanga. Ngati akumenya mkazi kapena ana, atetezeni iwo poyamba, ndipo kauzeni apolisi.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zizindikiro zitatu za uchidakwa.
2. N'chifukwa chiyani chidakwa sichiyenera kusiya mowa mwadzidzidzi chili chokha?
3. M'mudzi mwanu, munthu wotere mungayambe kupita naye kuti?