Phunziro: Kuwerengera Sola ndi Batire ya Nyumba ku Feira

Ophunzira, musanakwere basi ya ku Lusaka kukagula sola, yambani mwadziwa magetsi amene nyumba yanu imadya pa tsiku. Ambiri amathamangira kufunsa mtengo, n'chifukwa chake batire imawafera chaka chisanathe.

Titenge nyumba ya kumudzi kwa Mfumu Mburuma, kutali ndi mawaya a ZESCO. Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati ake. Chulukitsani mawatiwo ndi maola amene chimayaka, mupeza ma Wh (mawati-maola). Mababu 4 a mawati 5, maola 5, ndi 100 Wh. TV ya mawati 40, maola 4, ndi 160. Mafoni 3 tiwapatse 30. Feni ya mawati 30, maola 7, ndi 210, ndipo kuno feni musaisiye, mukudziwa mmene usiku wa Okutobala umakhalira. Zonse pamodzi ndi 500 Wh.

Tsopano panelo. Magetsi ena amatayika m'mawaya, m'fumbi ndi potchaja batire, choncho gawani 500 ndi 0.7, mupeza pafupifupi 715. Dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola 5 pa tsiku, ndiye 715 kugawa ndi 5 ndi mawati 143.

Apa mvetserani bwino. Nambala yolembedwa pa panelo inayezedwa paneloyo ili pa madigiri 25. Kuno kumene Luangwa amathira mu Zambezi, kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo panelo pa malata imatha kufika 65. Digiri iliyonse yoonjezera imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu, kutanthauza kuti 16 peresenti yapita. Dzuwa lathu ndi lambiri, koma kutentha kwake kumafooketsa panelo. Gulani ya mawati 200, iyang'ane kumpoto, ipendekeke madigiri 15, ndipo pakati pa iyo ndi malata pakhale mpata wodutsa mphepo.

Pa batire ya mavoti 12, gawani 500 ndi 12, mupeza pafupifupi 42 Ah (maampu-maola). Batire ya asidi siyenera kutsika kupitirira theka, ndiye pakufunika 84, tinene 100 Ah. Mukafuna kuti mababu ayakebe masiku awiri a mitambo mu Januwale, tengani 200 Ah. Ya lithium imalola kumwa 80 peresenti, koma ndi yodula. Batire ya galimoto ayi, inapangidwira kuliza injini basi. Chimene chimandiwawa n'kuona batire yogulidwa ndi ndalama za nsomba za mwezi wonse itaikidwa pakona yotentha: madigiri 10 alionse pamwamba pa 25 amadula moyo wa batire ya asidi ndi theka. Iikeni pamthunzi, popita mphepo.

Pakati pa panelo ndi batire pakhale kontrola ya maampu 20 ndi fyuzi.

Ntchito ya kunyumba: onjezani filiji yosungira nsomba yodya 1,000 Wh pa tsiku, muwerengerenso panelo, batire ndi kontrola. Mubweretse mayankho Lolemba.