Kadimba ka pakhomo mu tauni: poyambira pake

Ku Maselema, ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri, ndiwo zamasamba zimachita kugulidwa. Zambiri zimachokera kutali, ku Bvumbwe kapena ku Ntcheu, ndipo pofika pa msika wa Limbe kapena pa benchi la m'mbali mwa msewu zimakhala zitayamba kale kufota. Tsiku limene ndalama yavuta, kamtolo kamodzi ka mpiru kamagawidwa pa banja lonse, mwana wamng'ono n'kungonyambita msuzi.

Zotsatira zake zimaonekera ku sikelo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 37 anali opinimbira, ndipo m'matauni anali mwana mmodzi mwa anayi alionse. Mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 59, ana 63 anali ndi magazi ochepa, pamene mwa amayi a zaka 15 mpaka 49 anali mmodzi mwa atatu. Malungo ndi njoka zam'mimba zimathandizira vutoli, koma kusowa kwa zakudya zakasinthasintha kuli pakati penipeni. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzitsidwa ku sikelo, gulu la masamba ndi limene banja lingathe kudzipezera lokha, ngakhale lili pa lendi.

Komabe dimba la mu tauni lili ndi zake. Likaikidwa pa malo olakwika kapena kuthiriridwa ndi madzi oipa, limabweretsa matenda amene limayenera kuthamangitsa. N'chifukwa chake ntchito imayamba khasu lisanagwidwe.

Yambani mwaliona bwino bwalo lanu

Tengani tsiku limodzi mukuona momwe dzuwa likuyendera pakhomo panu. Masamba amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi. M'madera momwe nyumba zili zothithikana, mpanda wa a neba kapena mtengo wa mango umatchinga malo ambiri, ndipo nthawi zina dzuwa limafika bwino pa kangodya kamodzi kokha. Kangodya komweko ndi kokwanira poyambira. Kakhale pafupi ndi khomo, pomwe mumadutsa tsiku ndi tsiku, chifukwa dimba lakuseri kosafikafika limaiwalika, ndipo nkhuku zimalipeza msanga kuposa mwini wake.

Ngati muli pa lendi, kambiranani kaye ndi eni nyumba komanso anzanu okhala nawo pa poloti. Nkhani ya bilu ya madzi ikambidwe poyera tsiku loyamba.

Kenako funsani mbiri ya dothilo. Kuno ku Maselema kuli mafakitale ndi magalaja, ndipo m'madera ambiri anthu amakonzera galimoto, kuwotcherera zitsulo ndi kuphwanya mabatire pabwalo pomwepo. Pamene panatayikira oyilo, penti kapena madzi a batire, pamene panali dzala lotentherapo mapulasitiki, musabzalepo chakudya. Mtovu wa m'mabatire sutha m'dothi, ndipo umaononga ubongo wa mwana popanda chizindikiro choonekera msanga. Pa malo otere, bzalani m'matumba ndi dothi lochokera kwina. Talikiraninso chimbudzi ndi ngalande ya ku bafa, makamaka kumunsi kwake kumene madzi amatsikira mvula ikagwa.

Bedi lisagundane ndi khoma la nyumba. Madzi othirira tsiku ndi tsiku amanyowetsa maziko, ndipo nyumba ya zidina siichedwa kufooka. Siyani mpata wa sitepe imodzi kapena ziwiri.

Zoopsa za m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje tinaziona ndi maso athu mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Kudula mitengo ndi kugalauza m'mapiri a Soche, Ndirande, Bangwe ndi Michiru kuti mupeze dimba n'kuika pa ngozi mabanja okhala kumunsi. Ngati poloti yanu ndi yotsetsereka, mabedi ayende mopingasa, asatsike ndi mtsetse, ndipo kumunsi kwake bzalani mzere wa udzu wa vetiva ugwire dothi.

Madzi

Apa ndi pamene madimba ambiri a mu tauni amafera. Madzi a Blantyre Water Board ndi ogula, ambiri amachita kupopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, ndipo masiku ena mpopi umangouma. Choncho kukula kwa dimba kuyenderane ndi madzi amene mungakwanitse mu Okutobala, osati amene mukuona mu Febuluwale. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali limamwa pafupifupi ndowa ya malita 20 pa tsiku kukatentha. Ngati ndowa yoteroyo ikulemerani pa kiyosiki, yambani ndi matumba awiri.

Madzi ena ogwiritsa kale ntchito ndi abwino. Otsukira mpunga, nyemba ndi masamba, komanso otsukuluzira mbale ndi zovala, thirirani patsinde tsiku lomwelo, osawaza pa masamba odyedwa. Madzi ochapira matewera, osambitsira wodwala m'mimba, a Jik kapena a sopo wambiri, atayeni kutali ndi dimba.

Madzi a mu Mudi, Nasolo, Naperi ndi timitsinje tina todutsa mu mzinda musathirire masamba. Amaoneka aulere, koma mumalowa zonyansa za m'mafakitale, za m'mapaipi a suweji ophulika ndi za m'zimbudzi zosefukira. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kolera, tayifodi ndi mazira a njoka zam'mimba zimayenda m'madzi oterewa, n'kukakamira pa tomato ndi masamba, komanso m'manja mwa wothirirayo.

Nthawi ya dzinja kololani madzi a padenga, koma diramu kapena ndowa ikhale yovindikira bwino. Chifukwa choyamba ndi udzudzu: umaikira mazira m'madzi odikha, ndipo kukatentha pamangopita sabata imodzi kapena masiku khumi kuti mazirawo asanduke udzudzu wouluka. Chithaphwi chotsalira pakati pa mabedi chikwirireni, matayala ndi zitini zosagwira ntchito zivundikireni pansi. Chifukwa chachiwiri ndi ana. Mwana wokwawa atha kumira m'ndowa ya madzi ochepa chabe pamene mayi ake alowa m'nyumba kukatenga mchere.

Thirirani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo phimbirani dothi ndi udzu wouma, makoko a mtedza kapena masamba ouma kuti chinyezi chisathawe.

Bedi kapena thumba

Bedi lisapitirire mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lizifika pakati osapondapo. Gaulani mozama, phwanyani zibuma, chotsani magalasi ndi mapulasitiki, sakanizani ndi manyowa owolerana. M'dzinja bedi likhale lotukuka kuti madzi asadikhe, m'chilimwe likhale lolowa pansi pang'ono kuti lisunge madzi.

Amene bwalo lawo ndi la simenti kapena la miyala asataye mtima. Ku Kibera, mu mzinda wa Nairobi, kumene nyumba n'zopanikizana kuposa kwathu kuno, mabanja ambiri amadya masamba olimidwa m'matumba. Tengani thumba la makilogalamu 50, la ufa kapena la feteleza lochapa bwino, koma lisakhale loti munali mankhwala. Sakanizani magawo awiri a dothi ndi gawo limodzi la manyowa. Pezani chitini chachikulu chobowola kumwamba ndi pansi, chiimikeni pakati pa thumba, mudzazemo timiyala, ndipo mbali zake thirani dothi. Kokani chitini m'mwamba, timiyala titsale, mubwerezenso mpaka thumba lidzaze. Pakati patsala mzati wa timiyala umene uzitsitsa madzi mpaka pansi. M'mbali mwa thumba bowolani timabowo totalikirana chikhatho chotambasula, mosinthanitsa mizere, muwokeremo mbande za mpiru, repu kapena chayinizi. Pamwamba pakhale anyezi wamasamba. Madzi muzithira pa timiyala paja. Ubwino wake wina ndi wakuti tsiku losamuka, thumba limakwera nawo pa galimoto.

Mabeseni obooka, zigubu zodula ndi ndowa zothaitha zimagwiranso ntchito, bola pansi pakhale potulukira madzi. Mpanda wa nsungwi, mapesi kapena matumba akale ndi wofunika kuyambira tsiku loyamba. Neti yogonamo si ya mpanda wa dimba. Inaperekedwa kuti iteteze banja ku malungo, ndipo malo ake ndi pa mphasa kapena pabedi pogona ana.

Mubzale chiyani?

Yambani ndi mitundu itatu yokha, ya zimene banja lanu limadya kale. Kwa woyamba kumene, masamba amakolo ndi amene sakhumudwitsa. Bonongwe amamera msanga, pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola, ndipo mukamatsina nsonga amaphukiranso. Luni, chisoso, denje ndi therere sizifuna zambiri, ndipo mbewu yake mumasunga nokha. Dzungu limodzi loyangira pa mpanda limapereka nkhwani miyezi ingapo, khobwe amapereka chitambe ndi nyemba zomwe, n'kukonzanso dothi. Zonsezi zimakonda nyengo yotentha ndi ya mvula. Anthu ena mu tauni amaziona ngati ndiwo za kumudzi, koma pa zofunika m'thupi bonongwe amaposa kabichi kutalitali.

Mpiru, repu ndi chayinizi zimachita bwino kukazizira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, nthawi ya chiperoni. Fesani mu nazale, kabeseni kakale n'kokwanira, ndipo wokerani madzulo mbande zikakwana masabata anayi. Musafese paketi yonse tsiku limodzi. Fesani pang'ono masabata awiri kapena atatu alionse, kuti ndiwo zisachuluke sabata imodzi n'kusowa mwezi wonse. Tomato ndi wovuta, amagwidwa chiwawu m'dzinja ndi mphutsi zoboola masamba ndi zipatso, choncho mudikireni kaye mpaka mutazolowera.

Pali mbewu ziwiri zoyenera malo ngakhale pochepa. Yoyamba ndi mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Zondeni, imene ili ndi vitamini A wambiri woteteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Imabereka ngakhale m'thumba, ndipo kholowa wake ndi ndiwo. Yachiwiri ndi chamwamba, mtengo umene umamera pongozika nthambi. Muziudulira kuti usatalike, masamba akhale ofikirika. Ngati pali mpata wina, papaya amabereka chaka chisanathe kapena chitangotha.

Manyowa ndi tizilombo

Makoko a nthochi ndi mbatata, zotsalira za masamba, zinyalala zosesa pabwalo, phulusa pang'ono ndi zitosi za nkhuku, ziunjikeni m'kadzenje mosanjikiza, muziwaza madzi ndi kutembenuza. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimada n'kumanunkhira dothi. Zitosi ndi ndowe zaziwisi zimawotcha mbande ndipo zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Chimbudzi cha munthu, cha galu ndi cha mphaka chisalowemo ngakhale pang'ono, nazonso zotsala za nsima ndi nsomba zimaitana makoswe.

Pa dimba laling'ono, mankhwala ogula safunika kwenikweni. Tembenuzani masamba m'mamawa, mbozi zitoleni ndi manja, nsabwe za masamba zitikiteni ndi chala. Zikachuluka, sinjani tsabola ndi adyo, kapena masamba a nimu, viikani usiku wonse, sefani, onjezani sopo pang'ono n'kuwaza madzulo. Musabwereze repu, mpiru ndi kabichi pa bedi limodzi nyengo zotsatizana, chifukwa matenda ake ndi amodzi. Lowetsanipo nyemba kapena anyezi.

Mankhwala ogulitsidwa m'timapepala ndi m'timabotolo topanda dzina m'misika musagule. Mukagula ovomerezeka, werengani masiku oyenera kudikira musanathyole, ndipo asungeni pokhoma, m'botolo lake lomwelo. Mankhwala othiridwa m'botolo la zakumwa ndi amene ana amamwa. Zikachitika, mwana musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye ku chipatala chapafupi kapena ku Queen Elizabeth mutanyamula botololo.

Kuchoka m'dimba kufika m'mbale

Sambani m'manja ndi sopo mukachoka m'dimba. Masamba atsukeni ndi madzi otetezedwa, othira kolorini kapena WaterGuard, musanawadule. Mukadula kaye n'kutsuka pambuyo, zofunika zambiri zimapita ndi madzi. Phikani nthawi yochepa, ndi madzi ochepa, poto wovindikira. Soda ndi chidulo zimafewetsa ndiwo koma zimapha mavitamini ena, choncho chepetsani kapena zisiyeni. Thirani mafuta pang'ono kapena tenderani nsinjiro, chifukwa vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Chigwada chokha ndiye chofunika kusinja ndi kuphika mpaka chipse bwinobwino, pakuti chachiwisi chili ndi poizoni.

Mwana akakwana miyezi isanu ndi umodzi, apitirize kuyamwa, koma m'phala lake muzilowa masamba ophika osinja bwino, mbatata yofiira yokanya ndi nsinjiro. Mupatseni mbale yakeyake kuti muone zimene wadya. Mayi woyembekezera ndi woyamwitsa adye masamba obiriwira tsiku lililonse, pamodzi ndi tomato, bwemba, malambe kapena chipatso china chothandiza thupi kutenga ayironi, ndipo tiyi amwe patapita nthawi, osati pa chakudya pomwepo. Masamba salowa m'malo mwa mapiritsi owonjezera magazi a ku sikelo; apitirize kumwa.

Ndiwo zikachuluka m'dzinja, futsani. Ziwiritseni kamphindi kochepa, ziyanikeni pa thandala pa mthunzi podutsa mphepo, zitaphimbidwa ndi kansalu koyera kuti ntchentche ndi fumbi zisafikepo. Zikauma gwa, sungani mfutso m'chigubu chouma chotseka bwino, udzathandize mu Okutobala ndi Novembala masamba akadula.

Mwana amene sakukwera sikelo, watupa mapazi, kapena m'zikhatho ndi m'zikope mwayera, musadikire kuti dimba libereke. Pitani naye lero ku chipatala cha Limbe, Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena South Lunzu ku Machinjiri. Za kolorini ndi kaphikidwe ka phala la mwana funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo za mbewu ya mbatata yofiira funsani alangizi a zaulimi.