Dziwani ufulu wanu: wandale akanyoza Asilamu ku Britain

Mu Ogasiti 2018, Boris Johnson, atangotula pansi udindo wa nduna yoona za maubale ndi mayiko ena, analemba m'nyuzipepala ya Daily Telegraph kuti amayi a Chisilamu ovala zophimba nkhope amaoneka ngati mabokosi oponyamo makalata. Chipani chake cha Conservative chinamufufuza n'kumupeza wosalakwa, ndipo mu Julayi 2019 anakhala nduna yaikulu.

Nanga bwanji sanamangidwe? Ku England ndi Wales, lamulo la 2006 loletsa kudzetsa chidani cha chipembedzo limagwira munthu amene walankhula mawu oopseza, ali ndi cholinga chodzetsa chidanicho. Kunyoza ndi kuseka chipembedzo lamuloli limakulekerera, ngakhale kumapweteka.

Inu amene muli kumeneko, Amalawi a ku Leicester ndi kwina, chitetezo chanu chili apa. Lamulo la Equality Act la 2010 limaletsa bwana, mwini sitolo kapena mwini nyumba kukusalani chifukwa cha chipembedzo. Wina akakumenyani, kukuopsezani kapena kukuvulani hijabu pamsewu, imbirani apolisi pa 101, kapena 999 zikavuta, ndipo nenani poyera kuti wachita zimenezo chifukwa cha Chisilamu chanu. Khoti likatsimikiza chidanicho, chilango chake chimakula.